Nyundo Isanagwe: Mafunso a Mlimi wa ku Chitipa Wofuna Thalakitala Yakale

Ku Chitipa kulima ndi ng'ombe ndi nkhani ya masiku onse. Kuyambira ku Kameme mpaka ku Nthalire, mlimi amene ali ndi ng'ombe ziwiri zozolowera goli amatsegula munda mvula yoyamba ikangofewetsa nthaka. Koma alipo ena amene minda yawo yakula kuposa mphamvu za ng'ombe, monga olima chimanga cha malonda, mpendadzuwa ndi nyemba, komanso magulu a alimi amene atopa ndi kubzala mochedwa chaka ndi chaka. Thalakitala yatsopano mtengo wake ndi wosayandikizika kwa ambiri, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. N'chifukwa chake maso a anthu amatembenukira ku mathalakitala akale ogulitsidwa pa okushoni. Mafunso otsatirawa ndi oyenera kuwayankha munthu asanagulitse ng'ombe zake n'kukwera basi.

Kodi tikamati thalakitala yakale, tikunena yotani?

Tikunena mathalakitala amene anapangidwa kuyambira nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha mpaka zaka za m'ma 1980, omwe ambiri tinakula tikuwaona m'maesiteti a fodya ndi a tiyi. Kholo lawo ndi Ferguson TE20, kathalakitala kotuwa kamene kankapangidwa ku Coventry, ku England, kuyambira 1946 mpaka 1956. Anapanga oposa 500,000. Chimene chinakatchukitsa ndi nzeru ya Harry Ferguson yomangirira pulawo ku thalakitala pa malo atatu, mikono iwiri m'munsi ndi umodzi pamwamba. Pulawo ikakumana ndi nthaka yolimba, mphamvu yoikoka imabwerera n'kukanikizira matayala akumbuyo pansi, ndiye thalakitala yopepuka imagwira ntchito imene kale inkafuna chimakina cholemera. Mathalakitala pafupifupi onse akutsatirabe njira imeneyi mpaka lero. Kulimba kwa TE20 kunamveka dziko lonse mu Januwale 1958, pamene Edmund Hillary anafika ku South Pole, kudera la madzi oundana okhaokha, ndi mathalakitala atatu amtunduwu.

Kampani ya Ferguson inaphatikizana ndi ya Massey-Harris mu 1953. M'banja limeneli munabadwa Massey Ferguson 35, kenako 135 ndi 165 mu 1964, ofiira aja. Ampikisano awo anali a Ford abuluu, monga 4000, 5000 ndi 6600.

Ku Ulaya kuli anthu amene amagula mathalakitala otere kuti azingowasunga ndi kuwaonetsa pa zionetsero. Kampani ya Cheffins imachititsa okushoni yotchuka ya mathalakitala pafupi ndi tauni ya Ely, ndipo kumeneko thalakitala yosowa imakwera mtengo chifukwa cha kusowa kwakeko. Kwa mlimi wa ku Lufita zinthu ndi zotembenuka. Thalakitala yosowa ndi tsoka, chifukwa zitsulo zake n'zosowanso. Inu mukufuna ija yofala, imene makaniko aliyense anaiphwasulapo.

Okushoni ya mathalakitala ndingaipeze kuti, popeza ku Chitipa ndimangodziwa ya fodya ku Mzuzu?

Konzekani kuyenda. Katundu wotere amagulitsidwa kumene kunali minda ikuluikulu, monga m'maesiteti a ku Rumphi, Mzimba, Kasungu ndi Mchinji, kapena m'mabwalo a makampani ogulitsa pa okushoni ku Mzuzu, Lilongwe ndi Blantyre. Thalakitala imafika pa okushoni m'njira zingapo: esiteti yatseka kapena ikugula zatsopano, bungwe lamaliza pulojekiti yake, nthambi ya boma ikutaya katundu wotha ntchito, kapenanso masherifu alanda katundu wa munthu amene walephera kubweza ngongole. Zidziwitso zake zimatuluka mu nyuzipepala monga The Nation ndi The Daily Times, ndipo zimatchula tsiku loona katundu, tsiku logulitsa ndi ndalama ya chikole.

Dziwani chifukwa chimene thalakitala ikugulitsidwira, pakuti chimanena zambiri. Ya esiteti imene inali ndi galaja yakeyake kawirikawiri imakhala yotopa koma yosamalidwa. Yolandidwa chifukwa cha ngongole imadetsa nkhawa, poti munthu amene akusowa ndalama ya banki amayamba wasiya kugula oyilo. Ya boma nthawi zina imakhala itaima zaka pabwalo, udzu utamera pansi pake, zitsulo zina zitazulidwa kukapulumutsa inzake.

Nanga mathalakitala a boma aja amene anautsa mapiri pachigwa, nkhani yake ikutikhudza bwanji?

Ikutikhudza kwambiri. Mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika, boma linatenga ngongole ya madola 50 miliyoni ku banki ya Export-Import ya ku India, ndipo mbali ina ya ndalamazo inagulira mathalakitala 177 ndi makina okonolera chimanga 144. Cholinga chinali choti alimi ang'onoang'ono azibwereka. Ambiri mwa makinawo anagulitsidwa motchipa kwa andale ndi akuluakulu a m'boma. Mu 2016 Ombudsman wa nthawiyo, a Martha Chizuma, anatulutsa lipoti lonena kuti kugulitsako sikunatsate malamulo, ndipo mu 2019 Khoti Lalikulu la Apilo linagwirizana nawo.

Chimapweteka mtima n'chakuti ngongoleyo ndi ya Amalawi onse, kuphatikizapo mayi wa ku Wenya amene akulimabe ndi khasu. Kwa wogula, phunziro lake ndi lakuti katundu wa boma ali ndi njira yake yogulitsira, imene lamulo limalamula kuti ikhale yapoyera. Munthu akakunong'onezani kuti pali thalakitala ya boma imene angakupezereni mwachinsinsi, musiyeni apite. Mutha kulipira lero, mawa n'kudzaona apolisi akuikoka pakhomo panu.

Pa mitundu yonseyi, wabwino kwa ife ndi uti?

Ine ndingasankhe Massey Ferguson 135 kapena 165, kapenanso azing'ono awo monga 240 ndi 290. Chifukwa choyamba ndi injini ya Perkins. Ya 135 ili ndi masilinda atatu, mphamvu yake ndi pafupifupi mahatchi 45, imamwa dizilo mosamala, ndipo imakoka pulawo ya madisiki awiri bwinobwino. Ya 165 ili ndi masilinda anayi ndipo imakwanitsa madisiki atatu. M'makinawa mulibe kompyuta ayi. Makaniko wodziwa injini za malole akale amawamvetsa ndi masipanala wamba.

Chifukwa chachiwiri ndi masipeya. Kampani ya Millat ku Pakistan ndi ya TAFE ku India zakhala zikupanga mathalakitala a banja lomweli kwa zaka zambiri, kotero zitsulo zatsopano zolowa m'mathalakitala akalewa zikupangidwabe. Kuno kwathu, kampani ya Farming and Engineering Services yakhala ikugulitsa Massey Ferguson kuyambira kale. Anthu a ku Chitipa alinso ndi mwayi wina umene a ku Dedza alibe: Nakonde, Tunduma ndi Mbeya ali pafupi kuposa Lilongwe, ndipo ku Tanzania ndi ku Zambia mathalakitala ofiirawa ndi ofala.

TE20 yotuwa ija ndi yokoma kuiyang'ana, koma sindingakulangizeni kuti muigule ngati ya ntchito. Zambiri zimayendera petulo kapena palafini, mphamvu yake siifika mahatchi 30, ndipo zaka zake zachuluka zedi. Pa 35 samalani: ilipo ya dizilo ya masilinda anayi imene imadziwika ndi kuvuta kulira m'mawa kukazizira, ndipo ku Chitipa mwezi wa Juni ndi Julaye kumazizira ndithu. Ya masilinda atatu ndiyo yabwino. Ford 5000 ndi 6600 ndi zamphamvu, koma yambani mwafunsa makaniko wanu ngati amazidziwa ndiponso ngati akudziwa sitolo ya zitsulo zake.

Tsiku loona katundu ndiyang'ane chiyani?

Apa ndiye pagona nkhani. Katundu wa pa okushoni amagulitsidwa mmene alili. Nyundo ikagwa, palibe kubweza, palibe kudandaula. Ndiye musapite nokha ayi. Lipirani makaniko amene adzakhale akuikonza kwanuko kuti akwere nanu basi. Ndalama ya ulendo wake ndi yochepa poyerekeza ndi injini yophulika.

Fikani m'mamawa, ndipo muyambe mwaika dzanja pa injini. Ikakhala yofunda inu musanafike, wina wailiza kale kuti abise kuvuta kwake. Injini iyenera kulizidwa ili yozizira, inu mukuona. Yang'anani utsi. Kautsi koyamba si kanthu, koma utsi wabuluu wosatha ukutanthauza kuti injini ikuwotcha oyilo, mapisitoni kapena maring'i atha. Utsi wakuda nthawi zambiri umachokera ku manozo, ku pampu ya dizilo kapena ku sefa ya mpweya yotsekeka, ndipo izi n'zokonzeka. Utsi woyera wosaleka injini itatentha umaloza ku madzi olowa m'masilinda. Sololani kachitsulo koyezera oyilo: akaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi asakanikirana naye. Tsegulani radiyeta injini isanatenthe, muone ngati muli mafuta oyandama. Pambali pa injini pamakhala kapaipi kopumira. Kakamatulutsa utsi wambiri mwamphamvu, injiniyo yatopa, ngakhale ikulira mokoma.

Mukachoka pa injini pitani kumbuyo, kumene alimi ambiri amaiwala. Mikono yonyamulira pulawo imayendetsedwa ndi pampu ya oyilo imene ili m'kati mwa thalakitala. Pemphani kuti amangirirepo pulawo kapena chinthu china cholemera, ainyamule, kenako azimitse injini. Pulawo ikatsika msangamsanga, m'katimo mukudontha. Ikamanjenjemera ponyamuka, pampu yatha. Yesaninso kachitsulo kozungulira kakumbuyo, kamene amati PTO, chifukwa ndi kamene kadzayendetse makina okonolera chimanga kapena chigayo. Pa mathalakitala ambiri akale kamazungulira maulendo 540 pa mphindi imodzi.

Akalola kuiyendetsa, lowetsani magiya onse, limodzi ndi la kumbuyo. Giya lotuluka lokha ndi chizindikiro choipa. Kilatchi ikakhala yotsetsereka dziwani kuti kuikonza kumafuna kugawa thalakitala pakati, injini uku, magiya uko. Pondani buleki ya kumanzere payokha, ya kumanja payokha. Gwedezani chiwongolero muone kutayirira kwake. Weramani muyang'ane pansi pa injini ndi pa bokosi la magiya ngati pali ming'alu kapena malo owotcherera. Chitsulo chachikulu chong'ambika n'chovuta kuchikhulupirira, ngakhale wowotcherera akhale katswiri.

Matayala akumbuyo musawapeputse. Awiri atsopano akhoza kudya gawo lalikulu la ndalama imene mumati mwapulumutsa pogula yakale. Za wotchi yowerenga maola, musaidalire, chifukwa pa thalakitala ya zaka 40 kapena 50 inafa kalekale kapena inasinthidwa. Zopondera zoperepeseka ndi mabowo a mikono okula amanena zoona kuposa wotchiyo. Ndipo mukaona utoto wonyezimira, wopaka mpaka pa mawaya ndi pa matope ouma, kumbukirani za chikomekome cha nkhuyu.

Bwanji ngati thalakitala siikulira n'komwe, koma mtengo wake ndi wotsika?

Muigule pa mtengo wa zitsulo, ngati muli kale ndi inzake yofanana nayo yofuna masipeya. Ngati ndi thalakitala yanu yoyamba, isiyeni. Mawu akuti "yangosowa batire basi" amveka pa okushoni iliyonse, ndipo mwini wake akanakhala wotsimikiza akanabwereka batire kuti akweze mtengo.

Mapepala ofunika ndi ati?

Thalakitala iliyonse ili ndi nambala yake pa kachitsulo komatidwa pafupi ndi chiwongolero kapena pambali pa injini, ndipo injini ilinso ndi nambala yake yodindidwa. Manambalawa agwirizane ndi zimene zalembedwa pa bulu buku kapena pa makalata a mwini wake. Nambala yofufutidwa kapena yodindidwa kawiri ndi chifukwa chokwanira chobwerera kwanu chimanjamanja. Mukagula, tengani lisiti ya kampani ya okushoni yokhala ndi manambalawo, kenako mukasinthe umwini ku Road Traffic, chifukwa thalakitala idzayenda pa msewu wa boma ndi ngolo ya chimanga, ndipo pa malodibuloko adzafunsa.

Kwa a Chitipa pali yesero lapadera. Malire ndi aatali, njira zachidule n'zambiri, ndipo thalakitala ya ku Tanzania kapena ku Zambia ikhoza kulowa usiku popanda wofunsa. Musachite zimenezo. Pitani ku ofesi ya MRA musanapereke ndalama, akuuzeni zofunika kuti ilowe mwalamulo, ndipo idutse pa chipata chovomerezeka. Thalakitala yopanda mapepala simungaiike chikole ku banki, simungaigulitse pa mtengo wabwino, ndipo tsiku lililonse ikhoza kulandidwa.

Sindinapikisanepo pa okushoni. Zimayenda bwanji?

Mumalembetsa dzina, mumapereka chikole, amakupatsani nambala. Katundu aliyense ali ndi nambala yake, ndipo wogulitsa amatchula mtengo, anthu n'kumakweza manja mpaka patatsala mmodzi. Mukalephera kugula, chikole chanu chimabwezedwa. Mukapambana koma osamaliza kulipira m'masiku amene anaika, chikolecho chapita. Werengani malamulo a okushoniyo musanakhale pansi. Mtengo wa pa nyundo nthawi zambiri si womaliza, chifukwa pamwamba pake pamabwera gawo la kampani yogulitsa ndi msonkho. Funsaninso ngati pulawo ndi ngolo zili pamodzi ndi thalakitala kapena zili ndi manambala awoawo. Kugula thalakitala n'kupeza kuti pulawo yapita ndi munthu wina kumachitika.

Mdani wamkulu pa tsikuli ndi mtima wanu womwe. Mwayenda ulendo wautali, mwagona ku resitihausi, kumudzi mwalengeza kale kuti mukubwera ndi thalakitala, ndiye kubwerera opanda kanthu kumaoneka ngati manyazi. Apo ndi pamene munthu amakweza dzanja kawiri kopitirira muyeso. Usiku wa dzulo lake khalani pansi ndi makaniko wanu. Lembani ndalama zonse zimene muli nazo, muchotsepo ya lole, ya matayala, ya batire, ya oyilo ndi masefa, ya zokonza zimene waona, ya msonkho, ndi ya dizilo wa nyengo yoyamba. Yotsalayo ndiyo malire anu. Mtengo ukadutsa pamenepo, manja m'thumba. Samalaninso ndi anthu amene amakweza mtengo alibe cholinga chogula, komanso madobadoba okuuzani kuti muwapatse kangachepe kuti asapikisane nanu.

Ndikagula, ifika bwanji ku Chitipa?

Pa lole. Thalakitala yakale imayenda pang'onopang'ono, ndipo kuiyendetsa kuchokera ku Mzuzu, kutsika chikweza cha Chiweta, kudutsa Karonga n'kukwera mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kukafika pa Boma, n'kumaliza matayala ndi mabuleki amene simunawadziwe n'komwe. Msewu wa Karonga–Chitipa uli ndi phula tsopano, koma wopita ku Nthalire kapena ku Misuku akumbukire kuti mvula ikayamba lole yolemera imavutika. Gulani m'chilimwe, pakati pa kukolola ndi mwezi wa Seputembala, kuti mukhale ndi nthawi yoikonza ndi kuiyesa mvula isanagwe. Ikangofika, khuthulani oyilo yense, sinthani masefa onse, tsukani thanki ya dizilo. Dizilo wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu, wokhala ndi madzi kapena fumbi, ndi amene amapha pampu ndi manozo. Ndipo popeza mafuta amasowasowa m'dziko muno, sungani anu mwezi wa Novembala usanafike.

Munda wanga uli ku Misuku. Thalakitala ingandithandize?

M'minda ya khofi ndi nthochi ya m'mapiri otsetsereka, ayi. Ambiri mwa mathalakitala akalewa anapangidwa opanda chitsulo chotchinjiriza woyendetsa ikagubuduka, ndipo kugubuduka ndi kumene kumapha oyendetsa mathalakitala ambiri padziko lonse. Ngakhale ku malo athyathyathya, ikani chitsulo chimenechi ngati mungathe. Pokoka chitsa kapena galimoto yotitimira, mangani tcheni pa chokokera cha m'munsi. Mukamanga pamwamba pa ekiselo, thalakitala imadzuka kutsogolo n'kugwa chagada m'kanthawi kochepa kuposa kamene phazi lingafikire pa kilatchi. Potsetsereka ndi ngolo yodzaza, lowetsani giya laling'ono musanayambe kutsika, ndipo mabuleki awiri aja akhale olumikizidwa. Ana asakwere pa madigadi. Ndikunena izi motsindika chifukwa kumudzi thalakitala imasanduka basi ya aliyense, ndipo mpando wake ndi umodzi wokha.

Kodi si bwino kungokhala ndi ng'ombe zanga?

Kwa ambiri, inde. Ng'ombe zimadya udzu wa kudambo, zimapereka manyowa, ndipo zikakalamba zimagulitsidwa nyama. Thalakitala imafuna ndalama ngakhale itaima. Ngati munda wanu ndi wa maekala asanu kapena khumi, ng'ombe zinayi zodyetsedwa bwino ndi pulawo yabwino zikukwanirani, ndipo chaka chimene mwapanikizika mutha kufunsa alangizi za mathalakitala obwereketsa a Karonga ADD, imene imayang'aniranso Chitipa. Mbiri ya dera lathu lino imachenjezanso. Mu 1947 boma la Britain linayamba ntchito yaikulu yolima mtedza ku Tanganyika ndi mathalakitala ambirimbiri, ena opangidwa kuchokera ku akasinja a nkhondo. Pofika 1951 ntchitoyo inali itagwa. Mvula inali yochepa, nthaka yolimba inkadya mapulawo, ndipo makina ambiri ankangokhala ofa.

Thalakitala imabweza ndalama ikamagwira ntchito miyezi yambiri pachaka: kulima munda wanu ndi ya anzanu molipiritsa, kututa chimanga, kukoka mchenga ndi njerwa, kukonola, kunyamula katundu wa ku msika. Ngati kwanuko kulibe ntchito zotere zokwanira, musagule. Kugula pagulu, ngati kopaletivi kapena kalabu, kumachepetsa katundu pa munthu mmodzi, koma kuli ndi vuto lake lodziwika: mvula ikagwa aliyense amafuna kulimiridwa sabata yomweyo. Gulu lilembe ndondomeko ya minda nthawi ikadalipo, likhale ndi dalaivala mmodzi wophunzira osati aliyense wofuna, ndipo membala aliyense, ngakhale tcheyamani, azilipira pa ekala kuti thumba la zokonzera lisaume.

Choncho musanapite ku okushoni, pitani kaye kwa makaniko wa pa Boma kapena wa ku Karonga, mumufunse mathalakitala amene amawadziwa ndi kumene amagula zitsulo zake. Mtundu umene sautchula, musaukwezere dzanja. Ndipo ng'ombe zanu musazigulitse zonse mpaka thalakitalayo italima nyengo imodzi yathunthu.